Akatswiri Owerenga Chibadwa cha Tizirombo ta Chinangwa

Mlimi wa chinangwa angathe kusamala munda wake chaka chathunthu, mitengo ikuoneka yathanzi, koma tsiku lokumba n'kupeza kuti mizu ili ndi zipsera zofiirira zouma mkati, zosayenera kudyedwa ngakhale kugulitsidwa. Matenda amenewa, amene akatswiri amawatcha cassava brown streak, anafotokozedwa koyamba ndi H. H. Storey m'chaka cha 1936 ku Amani m'dziko la Tanzania. Amapezekanso m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kumene mabanja a ku Karonga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota amadalira kondowole. Popeza maso satha kuwazindikira msanga, pafunika anthu odziwa kuwerenga chibadwa cha kachirombo koyambitsa matendawa. Phunziro lino likufotokoza ntchito ya anthu otere.

Kuwerenga chibadwa

Matendawa amayamba ndi vayirasi, ndipo amafala kudzera m'mitengo yobzala komanso tintchentche toyera. Chibadwa cha vayirasiyo chili ngati mzere wautali wa zilembo pafupifupi 9,000, zolembedwa ndi mitundu inayi yokha ya zilembo. Makina a mu labotale amawerenga mzerewo m'zidutswazidutswa. Kenaka katswiri wa kompyuta amalumikiza zidutswazo, nayerekeza mzere wathunthu ndi mizere ya mavayirasi a m'madera ena, kuti aone pamene afanana ndi pamene asiyana. Potero amatha kulemba mndandanda wa ubale wawo, monga momwe akulu amalongosolera mbumba. Luso limeneli ndilo limatchedwa bioinformatics.

Phindu lake ndi lalikulu. Zipangizo zoyezera matenda zimafunafuna chigawo chodziwika cha chibadwa cha vayirasi. Chigawocho chikasintha, mbewu yodwala ingathe kuoneka ngati yabwino, n'kugawidwa kwa alimi. Nawonso akatswiri obereketsa mbewu ayenera kudziwa mitundu yonse ya vayirasi, chifukwa chinangwa chopirira mtundu umodzi chingathe kugonja ku mtundu wina.

Njira ziwiri zofikira pa ntchito imodzi

Dr Joseph Ndunguru wa ku Tanzania anayambira ku mbewu. Anaphunzira za mavayirasi a zomera nalandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Pretoria ku South Africa. M'chaka cha 2005 iye ndi anzake anaonetsa kuti madzi a tsamba lodwala angathe kufinyiridwa pa kapepala kapadera, n'kutumizidwa kutali kukayezedwa popanda kufuna firiji. Pambuyo pake anatsogolera malo a kafukufuku wa zaulimi a Mikocheni mu mzinda wa Dar es Salaam.

Dr Laura Boykin wa ku America anafika kudzera ku kompyuta. Atatsiriza maphunziro pa yunivesite ya New Mexico, anagwira ntchito ku Los Alamos yosanthula chibadwa cha mavayirasi odwalitsa anthu. Patsogolo pake anatembenukira ku tintchentche toyera ndi matenda a chinangwa, nakagwira ntchito pa yunivesite ya Western Australia.

M'chaka cha 2015 awiriwa pamodzi ndi anzawo anafalitsa chibadwa chathunthu cha mavayirasi 12 otengedwa m'minda ya ku Tanzania. Pochisanthula anagwiritsa ntchito kompyuta yamphamvu kwambiri ya mu mzinda wa Perth. Panthawiyo zinali zitadziwika kale kuti matendawa amayamba ndi mitundu iwiri ya vayirasi, koma kafukufukuyu anasonyeza kuti mkati mwa mitunduyo mulinso magulu osiyanasiyana. Wodziwa munda payekha sakanatha kuwerengera zimenezi, ndipo wodziwa kompyuta payekha sakanadziwa tsamba loyenera kuthyola.

Labotale pansi pa mtengo

Vuto lotsala linali nthawi. Kutumiza masamba kunja ndi kudikira yankho kunkatenga miyezi, ndipo pofika nthawi imeneyo mlimi amakhala atabzala kale mitengo yodwala. M'chaka cha 2018 gulu limeneli, momwe munalinso Dr Titus Alicai wa ku Uganda ndi Dr Elijah Ateka wa ku Kenya, linanyamula kamakina kotchedwa MinION kupita nako m'minda ya alimi m'maiko atatuwo. Kamakinaka n'kokwana m'dzanja ndipo kamalumikizidwa ku kompyuta ya m'manja. Ulusi wa chibadwa umadutsa pa timabowo tating'onoting'ono, mphamvu ya magetsi imasintha malinga ndi zilembo zimene zikudutsa, ndipo kompyuta imamasulira kusinthako. Anatha kuzindikira mavayirasi oyambitsa khate la chinangwa tsiku lomwelo, mlimi ali pomwepo. Ntchitoyi anaitcha Tree Lab popeza inkachitikira pamthunzi wa mtengo.

Phunziro kwa ophunzira ndi alangizi

Wachinyamata wofuna ntchito imeneyi ayenera kulimbikira masamu, sayansi ya zamoyo ndi kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, koma asaleke kuyenda m'minda. Kompyuta imayankha molingana ndi zimene yapatsidwa. Tsamba likathyoledwa popanda kulemba mudzi, tsiku ndi mtundu wa chinangwa, zilembo zake sizithandiza kudziwa kumene matenda achokera ndi kumene akulowera.

Pachifukwa ichi mlangizi wa zaulimi alinso ndi gawo lake. Ayenera kulemba mosamala zonse za mbewu imene watumiza kukayezedwa, kudula mizu ingapo pokolola kuti aone mkati mwake, ndi kulangiza alimi kuti asatenge mitengo yobzala m'munda umene mwapezeka mizu yoola.