Chiphaso cha Unzika ndi Boma la Makompyuta

Patchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mgona, kufupi ndi Kanengo. Tsiku lina agogo anga anamasula mfundo ya chitenje natulutsa chiphaso chawo cha unzika. "Mdzukulu wanga, kakhadi aka kakatayika, chaka chino sitidya," anatero. Mawuwa anandichititsa kufufuza, ndipo ndati ndigawane nanu, ophunzira anzanga, zimene ndinapeza.

Kuyambira 2005, alimi ankagula feteleza wotsika mtengo ndi makuponi apepala. Makuponiwo ena ankabedwa, ena ankagulitsidwa kwa mavenda, ndipo mayina a anthu oti kulibe ankalowa m'kaundula. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala zawo. Chiphasochi chinagwira ntchito polembetsa manambala a foni mu 2018 ndiponso pokonzekera chisankho cha 2019.

Mu 2020 pulogalamu ya AIP inachotsa makuponi. Mlimi ankangoonetsa chiphaso, kalaliki nkuchiunika ndi foni. Kompyuta ikavomera dzina, thumba la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495. Ubwino wake ngwoonekeratu: munthu mmodzi sangagule kawiri, ndipo boma limadziwa amene walandira.

Komabe chaka chimenecho ndinaperekeza agogo kudepoti ina. Malole a feteleza tinkawaona akutuluka m'Kanengo, matumba anali mbwee m'nyumba yogulitsira, koma netiweki inali itagwa. Tinabwerera chimanjamanja masiku atatu, mvula itayamba kale. Bambo wina anabwezedwa chifukwa chiphaso chake chinali chitafufutika. Apa ndinaphunzira kuti kompyuta imatsekera wakuba khomo, koma magetsi ndi netiweki zikavuta imatsekeranso mmphawi. Kalaliki ungamudandaulire, nanga makina ungawauze chiyani?

Tsono ife amene tili ndi mwayi wa sukulu tichitepo kanthu. Tikapita kutchuthi tione ziphaso za makolo athu: kodi mayina analembedwa bwino? Kodi tsiku lothera ntchito silinakwane? Tiwachenjeze kuti asapereke chiphaso kwa mavenda kapena chikole kwa akatapila. Chikatayika, tiwaperekeze msanga kuofesi ya NRB. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.