Kutumiza kanema wamkulu ku Google Drive osayambiranso

Kanema wa ukwati wa 12 GB n'kovuta kumutumiza paulendo umodzi kumene intaneti imadukaduka ndipo magetsi amathima osatsanzika. Ngati mukulemba pulogalamu yanu yotumiza mafayilo kudzera pa API ya Google Drive, sankhani njira yotchedwa resumable upload. Njira wamba ija, yoponya fayilo yonse kamodzi, ndi ya mafayilo osapitirira 5 MB. Chimanga cha m'munda timatuta ndi dengu, ulendo ndi ulendo. Fayilo yaikulu nayonso ipite chidutswa ndi chidutswa.

Musanayambe, werengerani kaye. Google imapereka malo aulere a 15 GB, koma malowo mumagawana ndi Gmail komanso Google Photos, choncho onani amene atsala. Bandulo ikhale yoposa 12 GB, chifukwa zidutswa zina zidzafunika kubwereza. Nthawi nayo musaipeputse. Liwiro lotumizira likakhala 5 Mbps, kanemayu atenga maola opitirira asanu. Yezani liwiro lotumizira, osati lolandirira, pakuti kawirikawiri lotumizira ndilo lochepa.

Poyamba pulogalamu yanu ipemphe khomo. Itumize POST yokhala ndi uploadType=resumable, pamodzi ndi dzina la fayilo ndi kukula kwake. Google iyankha ndi adiresi yapadera m'gawo la Location. Apa mumvetsetse bwino: adiresiyo ilembedwe m'kafayilo pa kompyuta nthawi yomweyo. Ambiri amaisiya m'pulogalamu yokhayo, ndiye magetsi akathima imasowa, ndipo ntchito ya maola anayi imapita pachabe pamodzi ndi ndalama za bandulo. Adiresiyi imagwira ntchito kwa sabata imodzi.

Kenako dulani fayilo. Kukula kwa chidutswa chilichonse kukhale kogawika ndi 256 KB, kupatula chomaliza. Ine ndimakonda 8 MB pa intaneti ya foni, chifukwa chidutswa chotere chikalephera simutaya zambiri. Amene ali ndi intaneti yodalirika akuze zidutswa, ntchito ifulumira. Chilichonse chipite ndi PUT, ndipo Content-Range inene pomwe chikuyambira, pomwe chikuthera ndi kukula kwa fayilo yonse.

Mukaona yankho la 308, musachite mantha. Likutanthauza kuti zafika, pitirizani. Koma musangoganiza kuti chidutswa chonse chalandiridwa. Werengani Range imene yabwera ndi yankholo, ndipo chotsatira chiyambire pa byte yotsatira pomwepo.

Intaneti ikaduka, dikirani pang'ono, kenako mufunse. Tumizani PUT yopanda kanthu, Content-Range yake ikhale ndi nyenyezi m'malo mwa poyambira ndi pothera, kenako kukula kwa fayilo. Google ikuuzani pomwe munalekezera. PUT imeneyi ikalepheranso, pulogalamu idikire masekondi awiri, kenako anayi, kenako asanu ndi atatu, isamangogogoda mosalekeza. Yankho la 404 ndilo lowawa, chifukwa adiresi ija yatha ntchito ndipo muyenera kuyamba mwatsopano.

Pali zina ziwiri zimene zimagwetsa anthu. Access token imatha pakapita pafupifupi ola limodzi, choncho pulogalamu idziwe kutenga ina ndi refresh token. Chinanso, laputopu ikagona kutumiza kumaima, ndiye isintheni kuti isagone ndipo batire likhale lodzaza.

Yankho la 200 kapena 201 likabwera, fayilo yafika. Komabe musafufute kanema wa pa kompyuta. Funsani md5Checksum ya fayiloyo ku Drive, muiyerekeze ndi imene mwawerengera nokha. Zikafanana, mutha kutumiza linki kwa achibale, ndipo kope lina likhalebe pa hard drive kunyumba.