Magetsi a pikapu akafooka, babu siyoyamba kugula

Amalonda a pa Malomo omwe amatenga soya, mtedza ndi mbatatesi kupita nazo ku Kasungu, Nkhotakota kapena Mponela amanyamuka kusanache. Nthawi imeneyo mumsewu mumakhala ngolo ndi a kabaza opanda nyali, pena chifunga chochokera m'mapiri a Ntchisi. Pikapu ya magetsi ofiira ngati koloboyi imaona ngolo itafika kale pafupi.

Ambiri amathamangira kugula babu ya 100/90W m'malo mwa H4 ya 60/55W yomwe Hilux kapena Nissan yakale imagwiritsa ntchito. Uku n'kutaya ndalama. Babu yaikuluyo imatenthetsa mawaya mpaka kusungunula pulagi, pomwe vuto lenileni likadalipo.

Pa galimoto yakale, mphamvu imatayika m'njira. Imadutsa pa switch ndi mawaya aatali omwe adachita dzimbiri, ndiye pofika pa babu yachepa. Babu ya halogen sichedwa kuonetsa zimenezi: mphamvu ikatsika ndi 10 peresenti, kuwala kumatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Makaniko wa zamagetsi ayeze ndi mita injini ikulira, magetsi ali oyaka. Pa batire pazipezeka mavolti 13.8 mpaka 14.4, akachepera apo, alitineta kapena lamba wake aonedwe kaye. Kenako ayeze pa pulagi ya babu. Ngati kusiyana kwafika volti imodzi, mawaya ndiwo akudya kuwala.

Mankhwala ake ndi ma relay awiri, ina ya dim, ina ya bright, ndi waya wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirepo. Fyuzi isasiyidwe, waya wopanda fyuzi akakhudza chitsulo amayatsa galimoto ndi katundu yemwe. Pomangira waya wa earth papalidwe mpaka chitsulo chiwale.

Galasi lachikasu lipukutidwe, koma chonyezimira cha mkati chikadyeka ndi madzi, nyali yonse isinthidwe. Mababu a LED otchipa oikidwa mu nyali yakale amamwaza kuwala ndi kuthobwa madalaivala anzawo.

Matumba akadzaza kumbuyo, mphuno ya pikapu imakwera ndipo magetsi amaunika mitengo. Choncho poongola nyali, galimoto ikhale ndi katundu wake wa masiku onse, iime pamalo osalala mamita 10 kuchokera pakhoma. Mzere wa kuwala kwa dim ugwe masentimita 10 pansi pa msinkhu wa nyaliyo.