Malangizo: Tetezani Sola Yanu ku Mphenzi



Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi a ZESCO ankazima kwa maola ambiri, ndipo ambiri tinagula sola yowunikira m'nyumba ndi yopopera madzi a m'dimba. Koma mvula ya Novembala imabwera ndi mabingu ake. Mphenzi ngakhale igwe patali, imatha kutumiza mphamvu yochuluka m'mawaya n'kuwotcha inveta kapena pampu.

Choyamba, khomerani ndodo ya kopa pansi, panthaka yachinyezi, ndipo muilumikize ndi waya wonenepa ku zitsulo zogwira mapanelo ndi ku inveta.

Chachiwiri, ikani surge protector, kachipangizo kotchinga mphamvu yochuluka ya magetsi, mbali ziwiri: pakati pa mapanelo ndi inveta, komanso polowera magetsi a ZESCO, chifukwa nawonso akamabwerera nthawi zina amadza mwamphamvu. Kazenera ka pa surge protector kakafiira, yatha ntchito, sinthani.

Chachitatu, mitambo ikayamba kuda, zimitsani pampu ndi kuzula mapulagi. Mabingu akayamba, musakhudzenso waya kapena kukwera padenga.

Ntchito yolumikizayi apatseni amisiri odziwa zamagetsi. Chonde alimi anzanga, konzani izi mvula isanagwe.