Malangizo kwa Madalaivala: Chiwongolero Chikayamba Kunjenjemera

Lero tikulankhula ndi inu madalaivala a ma pickup onyamula usipa, mpunga ndi anthu pamsewu wa M5 ndi wa M14 wopita ku Lilongwe.

Mwagunda dzenje muli paliwiro, kutsogolo konse kwa galimoto kwayamba kugwedezeka, chiwongolero chikufuna kupulumuka m'manja. Mutani? Musaponde mabuleki mwamphamvu. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, chotsani phazi pamoto, galimoto ichepetse liwiro pang'onopang'ono, ndipo muime pambali.

Vutoli limakonda galimoto zomwe matayala akutsogolo ali pa ekiselo imodzi, monga Land Cruiser. Gwero lake nthawi zambiri ndi zitsulo zomwe zatha n'kuyamba kusewera: ma tie rod end, mabushi a panhard rod, kapena mabering'i. Matayala odyeka mbali imodzi, mpweya wosafanana, rimu yopindika ndi matope ouma m'rimu zimawonjezera vutoli. Katundu wopitirira muyeso amapeputsanso kutsogolo.

Pitani kwa makaniko. Wina apotoze chiwongolero uku ndi uku, makaniko akuyang'ana pansi chomwe chikusewera. Akwezenso galimoto pa jeke n'kugwedeza tayala lililonse. Chotha chisinthidwe, kenako mupangitse balancing ndi alignment. Kungosintha steering damper kumabisa matenda, sikuchiritsa.

Abale anga, amene akhala kumbuyoko akudikiridwa kunyumba. Galimoto ikanjenjemera lero, isanyamule munthu mpaka itakonzedwa.