Magetsi a Dzuwa ndi Cimene Cimawapha

Ambiri a ife tidaona kale mbale zakuda zija ziri pa madenga a masitolo pa Jenda ndi ku Mzimba Boma, zimene anthu amazichula kuti sola. M'nkhani ino ndifuna kuti tiphunzire pamodzi m'mene zimagwirira nchito, ndiponso za anthu a sukulu za ukacenjede amene akhala akuyesa kuthandiza midzi ya m'Malawi kuti magetsi otere asamafe msanga.

Pa kalembera wa 2018 kunapezeka kuti mwa mabanja 100 ali onse, mabanja 11 okha ndiwo anali kuunikira ndi magetsi. Tsono magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali ndithu ndi ife a ku Champhira, ndipo pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022 dziko lonse linasauka ndi mdima. Koma dzuwa lokha limafika pa khomo la munthu ali yense popanda mitengo ndi waya.

Mbale ya sola ikaombedwa ndi dzuwa imaturutsa magetsi, ndipo magetsiwo amasungidwa m'batire kuti tiwagwiritse nchito usiku. Pakati pa mbale ndi batire pamakhala kacipangizo koyang'anira kuti batire isadzaze kopitirira kapena kutha konse. Popeza ife tiri kumwera kwa Equator, mbale iyenera kupendekera kumpoto. Tiyeni tiwerengere pang'ono, monga aphunzitsi athu a masamu amakondera. Nyale ya mawati 5 ikayaka maora 4 imadya 20. Nyale 10 za m'kalasi zimadya 200. Mbale ya mawati 100 ikalandira dzuwa labwino maora 5 ipereka 500. Pa pepala zikwana bwino lomwe, koma kumbukirani nkhungu ya kuno mu June ndi July, fumbi la pa mbale, ndi anyamata 30 amene ali yense afuna kuchaja foni yace.

Apa ndipo pagona nkhani. Mbale ikhoza kukhala zaka 20 ndi kupitirira, koma batire wamba imatha patapita zaka zocepa, makamaka ngati anthu aikama tsiku ndi tsiku mpaka kuuma. Batire ikafa pafunika ndalama zambiri nthawi imodzi. Kodi adzazipereka ndani? Wopereka mphatso uja adapita kale kwao. Boma linaika magetsi a dzuwa ndi mphepo m'midzi 6, umodzi wa iyo Elunyeni m'boma lathu lino la Mzimba, koma ambiri a magetsi amenewo analeka kugwira nchito.

Funso limeneli ndilo linasautsa anthu a University of Strathclyde, ya mu mzinda wa Glasgow ku Scotland. Ubale wathu ndi dziko limenelo ngwakale: Dr Robert Laws anayatsa magetsi a mphamvu ya madzi ku Livingstonia mu 1905, ndipo Embangweni wathuyu ndi misyoni ya anthu omwewo. Kuyambira 2012 kufikira 2015, ndi ndalama za Boma la Scotland, a Strathclyde anatsogolera nchito yochedwa MREAP, mothandizana ndi Polytechnic ya ku Blantyre ndi Mzuzu University, kumene kumaphunzitsidwa za mphamvu zimene sizitha. Anayendera masukulu ndi zipatala zokhala ndi sola kuti aone zimene ziri moyo ndi zimene zidafa. Anapeza kuti nthenda siikhala m'zitsulo mokha ai: kawirikawiri panalibe thumba la ndalama zogulira batire ina, panalibe mmisiri pafupi, ndipo panalibe munthu wodziwa kuti cinthuco ncace.

M'nchito imeneyi munabadwa Community Energy Malawi, bungwe losafuna phindu, limene pambuyo pace linayendetsa magetsi a dzuwa a makilowati 80 m'mudzi wa Sitolo ku Mchinji. Ndipo mu 2020 a Strathclyde pamodzi ndi bungwe la United Purpose anayatsa magetsi a makilowati 12 pa Mthembanji ku Dedza, ofikira makomo 60. Kumeneko sanapatse nyumba iri yonse mbale yace. Mbale ndi mabatire anaziika pamalo amodzi, waya nkupita ku nyumba ndi ku masitolo, ndipo munthu amalipira asanayatse, mita nkumawerenga. Ndalamazo ndizo zolipira woyang'anira ndi kukonza zoonongeka.

Ena adzati nkusowa cifundo kulipiritsa osauka. Ine ndiganiza kuti ai. Anthu omwewo amagula kale makandulo ndi mabatire a tochi, ndi kulipira pa sitolo kuti achaje foni. Kusiyana kwace nkwakuti ndalama ya pa mita imabwerera ku cinthu cao. Komabe mtengo ukakwera, mayi wamasiye adzatsala mu mdima waya atadutsa pa denga lace, ndipo pamenepa komiti ya mudzi iyenera kukhala ndi mau.

Tisanamizane, anzanga: sola yaing'ono siiphika nsima. Mbaula ya magetsi imadya mawati 1,000 kapena kuposa, ndiye kuti mbale 10 zonga ija tawerengerayi. Cifukwa cace matumba a makala adzaonekabe m'mbali mwa mseu wa M1, ndipo nkhalango ya Perekezi idzafunabe mbaula zosatha nkhuni ndi mitengo yobzala ife tokha. Koma ngati mudzi wina wa kwa Inkosi Mzikubola udzalandira sola, ife ophunzira tikafunse mafunso atatu pa msonkhano: batire idzatha caka citi, ndalama zace zikusungidwa ndi yani, ndipo mmisiri wokonza akhala kuti.