Kodi Tiny Rowland anali ndani?

Funso: Agogo anga, amene ankalima thonje kuno kwa Phalula, amakonda kutchula mzungu wina dzina lake Rowland, amati anali bwenzi la Kamuzu. Kodi anali ndani, nanga chuma chake anachipeza bwanji? Mlimi wa thonje, Phalula

Yankho: Agogo anuwo sakunama, bambo. Roland "Tiny" Rowland anabadwira ku India mu 1917, bambo ake anali Mjeremani. Mu 1961 anatenga utsogoleri wa Lonrho, kampani yamigodi ndi mafamu yomwe inali itafooka ku Rhodesia.

Luso lake lalikulu linali kupalana ubwenzi ndi atsogoleri a mayiko amene ankangolandira ufulu, monga Kamuzu Banda ndi Kenneth Kaunda. Kuno kwathu Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo m'ma 1960, kenako ku Dwangwa, ndipo inali ndi gawo lalikulu pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre. Thonje la ku Balaka, likagulidwa ndi ADMARC pamtengo umene boma lakhazikitsa, lina linkathera kumeneko. Kunena zoona, phindu lenileni silinkatsalira mlimi.

Ku Britain ambiri sankamukonda Rowland. Mu 1973 nduna yaikulu Edward Heath inadzudzula poyera kayendetsedwe ka Lonrho. Komabe Rowland anathandiza nawo zokambirana zomwe zinathetsa nkhondo ya ku Mozambique mu 1992. Anzake a m'kampani atamuchotsa pampando, Illovo inagula minda ya nzimbeyo mu 1997. Rowland anamwalira mu 1998.